Wendell ndi Masabata Anayi a Julaye

Lachisanu lina m'mwezi wa Meyi, Wendell Kubiak anafika pafakitale kutatsala mphindi khumi kuti seveni ikwane, monga ankachitira masiku onse, n'kupeza geti ili chitsekere. Poimika magalimoto panalibe ngakhale njinga. Anagunditsa khadi yake pakamakina ka pakhomo, koma chitseko sichinasunthe. Anagunditsanso kachiwiri, kachitatu. Kunali zii.

Munthu amene anaonapo fakitale ikufa saiwala mmene zimayambira. Kwawo ku Toledo, ku America, zinayamba chomwechi, geti yotseka ndi anthu ataima panja, chakudya chamasana chili m'manja. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri zoyesa mapampu a madzi zinathera pamenepo. Mwayi wake unali woti kampani ya kuno ku Sweden inagula makina a fakitale yakufayo, ndipo inkafuna munthu wowadziwa bwino, ndiye inamutenga kwa chaka chimodzi. Zoti apitirira kapena abwerera kwawo zinali zoti zidzadziwika mu Seputembala. Nanga munthu wa zaka makumi asanu ndi zinayi, ndani angamulembenso ntchito ku Toledo?

Anaimbira Torsten, mnzake wa pamakina oyandikana, yemwenso anali mtsogoleri wa bungwe la antchito pafakitalepo.

"Torsten, fakitale yatsekedwa!"

"Eya, yatsekedwa." Kumbuyo kunkamveka makina otchetchera kapinga.

"Ukuti eya? Ndiye kuti umadziwa?"

"Ndani sakudziwa? Dzulo linali tsiku lofiira."

"Za dzulo ndikudziwa, ndinaona pakalendala kuti ndi holide, ndinakhala pakhomo. Ine ndikunena za lero. Lero analilemba ndi inki yakuda."

"Lero ndi tsiku lopanikizika, mnzanga. Dzulo holide, mawa Loweruka. Katsiku kamodzi kapanidwa pakati ngati chala pachitseko, ndiye ukufuna tikavutitsenso?"

"Wapereka chilolezo ndani?"

"Chilolezo cha chiyani? Bwerera kunyumba, Wendell. Ukagone."

Wendell sanakagone ayi. Anakhala m'galimoto pageti pomwepo mpaka naini koloko, kuti mwina bwana akadutsa amuone kuti iye yekha anabwera. Sipanadutse munthu, kupatula gogo wina woyendetsa galu.

Chimene chinamuzunguza mutu koposa chinali pepala limene linapachikidwa m'chipinda chomwera khofi. Linali ndi maina a anthu onse, ndipo aliyense ankadetsa ndi cholembera masabata amene adzakhale pa tchuthi. Julaye yense anali bii kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ena anawonjezera sabata ya mu Ogasiti, opanda ngakhale manyazi. Mzere umodzi wokha ndi umene unali mbee, ndipo unali wa Kubiak.

"Mwamerika iwe, cholembera chako chinatha inki?" anatero Torsten tsiku lina, akuviika banzi m'khofi. "Tandiuza, kwanu mumapatsidwa masiku angati?"

"Nditayamba anali asanu. Pomaliza anafika khumi ndi asanu, koma ukadwala amachotsa momwemo."

"Ukadwala? Ndiye chimfine ndi tchuthi?"

"Nanga ukadwala umakhala uli pantchito?"

"Koma lamulo limati angati?"

"Kulibe lamulo. Bwana akafuna akupatsa, akapanda kufuna ndiye basi."

Onse patebulo anasiya kutafuna. Wina anafunsa za maholide, Wendell n'kuyamba kuwerenga ndi zala: Khirisimasi, Chaka Chatsopano, tsiku la ufulu, tsiku lothokoza lija amadya nkhukundembo, ndi ena awiri. Apa anatukula chifuwa pang'ono, chifukwa anali ndi chinthu chimene ankanyadira.

"Ndipo pa masiku angawo, ine ndinkatenga asanu okha pachaka."

"Otsalawo?"

"Ndinkawasiya."

"Kusiyira ndani?"

Ku Toledo akanena zimenezi anthu ankagwedeza mutu, ena n'kumumenya paphewa kuti uyu ndiye mwamuna. Kuno anangomuyang'ana mwachisoni, mmene anthu amayang'anira munthu amene wangowauza kuti ali ndi matenda a impso. Torsten anamukankhira banzi lake lachiwiri.

"Kuno ndi makumi awiri ndi asanu, m'bale wanga, osawerengera ofiira aja. Malipiro amabwera onse, n'kuwonjezerapo kangachepe pamwamba."

"Kuwonjezera? Chifukwa choti sunagwire ntchito?"

"Nanga ayisikirimu wa ana ugula ndi chiyani?"

Anthu anaseka, Wendell nayenso anaseka, koma sanakhulupirire. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Iye ankamukumbukira Dale, mnzake wa ku Toledo, amene anatenga masabata awiri otsatizana kukawedza nsomba. Palibe amene anamuletsa, bwana anachita kumufunira ulendo wabwino. Koma nthawi yochepetsa anthu itafika, dzina la Dale ndi limene linali pamwamba. Tsono Wendell anaganiza kuti pepalali walimvetsa. Kwa eni dziko ndi tchuthi, koma kwa mlendo wa chaka chimodzi ndi mayeso. Akufuna aone ngati iye ndi wantchito kapena wokonda kugona, ndipo mu Seputembala adzalitulutsa pepala lomweli. Mzere wake anausiya uli mbee.

Tsoka lake, chaka chimenechi tchuthicho ankachifuna kuposa chaka china chilichonse pamoyo wake. Janine, mwana wake yekhayo, anali woyembekezera, ndipo masiku anali atayandikira. Mayi ake a Janine anamwalira kalekale, ndipo mwamuna wa Janineyo ankayendetsa thiraki ya maulendo ataliatali, pakhomo ankangoonekera kawiri pamwezi. Wendell ankamuimbira akaweruka, nthawi imene ku Toledo kumakhala kudakali m'mawa.

"Ndalankhula nawo mabwana anga kusitolo kuja, adadi," anatero Janine tsiku lina. "Akuti ndikhoza kukhala pakhomo mmene ndingafunire, koma popanda malipiro. Ine ndingakwanitse masabata atatu okha, kupitirira apo ndiye tigona panja."

"Nanga mwanayo?"

"Kosungira ana akuti salandira khanda losakwana masabata asanu ndi limodzi. Ndiye pakatipo ndilibe womusiyira. Ndafunsa kutchalitchi, ndafunsa aneba, aliyense ali pantchito."

"Ine ndikanabwera, mwanawe."

"Ayi, adadi, musayerekeze. Mwangoyamba kumene kumeneko. Mukapempha tchuthi pano akuonani ngati ndani? Ndiona chochita."

Anadula foni onse awiri akugwirizana kuti zimenezo n'zosatheka. Taonani zinthu zake! Pepala lili pakhoma likumudikira, Torsten tsiku ndi tsiku akumulozera cholembera, koma bambo ndi mwana wake agwirizana bwinobwino kuti n'zosatheka. Wendell sanauze munthu aliyense pafakitale za Janine. Kwawo mavuto a kunyumba amasiyidwa pageti, chifukwa bwana akadziwa kuti uli ndi pokukoka amayamba kuyang'ana wina wopanda pomukoka.

Mwana anabadwa pakati pa Juni, wamkazi, ndipo anamutcha Opal. Wendell anaona chithunzi chake pafoni ali m'chimbudzi cha kufakitale, analira pang'ono, n'kusamba kumaso, n'kubwerera pamakina. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kukonza mawu. Adzapempha masiku asanu okha, opanda malipiro, ndipo adzalonjeza kuwabweza Loweruka lililonse mpaka Khirisimasi. Masiku asanu sakanathetsa vuto la Janine, koma bola akanamunyamulako mdzukulu wake. Mawuwo ankawabwereza m'galimoto m'mawa uliwonse, koma akafika pakhomo la ofesi ya bwana miyendo inkangomupitiriza.

Bwanayo ndi amene anayamba kumuitana. Dzina lake linali Gunilla Brandt, mayi wamtali wosakonda zozungulira, amene ankabwera kuntchito panjinga ngakhale kukugwa chipale chofewa. Wendell atalowa anapeza Torsten ali kale momo, atakhala pampando wa pambali, fayilo ili pamwendo. Bwana, mtsogoleri wa bungwe, fayilo ndi chitseko chotseka, zimenezi anaziona kale ndipo ankadziwa mathero ake.

"Khala pansi, Wendell. Tili ndi vuto ndi iwe."

"Ndamva, bwana."

"Ndinakuuza kale, dzina langa ndi Gunilla. Vuto lake ndi Julaye. Sunalembe kanthu papepala lija."

Wendell anaona kuti mpata wodzipulumutsa ndi womwewu. Masiku asanu aja anawameza.

"Ndinachita dala, bwana. Ine Julaye yense ndigwira. Anzangawa apite, ine ndilipo. Ngakhale Loweruka."

Iye ankayembekeza kuti nkhope ya Gunilla iwala. M'malo mwake mayiyo anayang'ana Torsten, Torsten n'kuyang'ana kudenga.

"Ugwira ndi ndani?"

"Ndekha."

"Magetsi a makina timazimitsa. Fakitale imatsekedwa masabata anayi."

"Ndiye ndiziyankha mafoni a makasitomala."

"Makasitomala ali kunyanja, Wendell. Amene amatigulitsa zitsulo ali kunyanja. Ine ndidzakhala kwa mayi anga kumpoto, foni ndidzaitsekera mudirowa. Akuimbire ndani?" Gunilla anatsamira patebulo, mawu n'kufewa. "Tandiuza zoona. Kodi pali amene akukuvutitsa? Kapena ndalama zakuthina? Chifukwa munthu sakana tchuthi popanda chifukwa."

"Palibe chovuta, bwana. Ndimangoikonda ntchito."

"Ndiye ukundidetsa nkhawa kwambiri. Ndikufuna upite kunyumba ukapume."

Mawu amenewa ndi amene anamumaliza. Tsiku lotseka fakitale ku Toledo, bwana wamkulu anaima pabokosi n'kunena chimodzimodzi, kuti pitani kunyumba mukapume kaye. Wendell anaona kuti zatha basi. Ndipo poti zatha, panalibenso chobisa. Anavula khadi ya pakhomo imene inali m'khosi mwake n'kuiika patebulo mwaulemu.

"Zikomo pondisunga miyezi yonseyi. Ndingopempha kuti kalata yondichotsa muilembe bwino, kuti ndikapezere ina."

Gunilla anayang'ana khadiyo ngati wamuikira chule patebulo.

"Torsten, munthuyu akusiya ntchito?"

"Sindikudziwa. Wendell, ukusiya ntchito?"

"Ine ayi! Inu ndi amene mukundichotsa."

"Ndani wakuchotsa?"

"Mwati ndipite kunyumba."

"Masabata anayi!"

"Eya, amayamba choncho."

Anthu atatu akuluakulu, onse a mitu yawo yabwinobwino, anangoti kakasi kuyang'anana. Kenaka Wendell, poona kuti mwina kachitseko kakadali kotsekula pang'ono, anatulutsa mawu ake aja a m'galimoto, onse nthawi imodzi, osapumira. Ananena za Janine, za Opal, za sitolo, za kosungira ana kokana makhanda. Anapempha masiku asanu okha, opanda malipiro, adzabweza Loweruka lililonse.

"Masiku asanu n'zosatheka," anatero Gunilla.

"Ndiye atatu."

"Ukupita kolakwika! Ndikuti masabata anayi!" Apa mayiyo anali atakwiya ndithu, makutu atafiira. "Uli ndi mdzukulu wa masiku asanu, ndipo sunatiuze? Takhala tikumwa nawe khofi kawiri patsiku, iwe uli duu? Ndipo mwana wakoyo akubwerera kuntchito patatha masabata atatu? Mwamuna wake watenga miyezi ingati?"

"Miyezi ya chiyani?"

"Yolera mwana."

"Anatenga Lachiwiri."

Torsten anatseka fayilo n'kudzigwira kumutu. Kenaka anasendeza mpando wake pafupi, n'kuyamba kulankhula pang'onopang'ono, mmene amalankhulira ndi munthu amene wangotsitsimuka.

"Tamvera, Mwamerika. Ine ndabwera muno osati kudzaonerera ukuchotsedwa. Ndabwera chifukwa ukapanda kupita ku tchuthi, wolakwa ndi Gunilla, ndipo ine ndiyenera kumuimba mlandu. Ndiye ukutiyambanitsa. Komanso anzathu aja ayamba kudandaula. Akuti iwe ukayamba kugwira Julaye, chaka chamawa likulu lidzafunsa kuti nanga enawa akulephera chiyani."

"Ndiye kuti posalemba paja ndimalakwa?"

"Kwambiri."

"Ndikapita sindilakwa?"

"Ukapita ndiye wakhoza."

"Nanga za mu Seputembala?"

"Za mu Seputembala tidzayang'ana mapampu ako ngati akudontha," anatero Gunilla. "Mpaka lero palibe yadontha. Tenga khadi yakoyo, ikundinyansa."

Wendell anaitenga, koma sanadzuke. Mutu unali utaima. Zaka zonsezi ankadziwa njira imodzi yokha yosungira ntchito, ndipo lero akumuuza kuti njira yomweyo ndi imene ikanamugwetsa. Anafunafuna pamene pali msampha, osapapeza, ndipo kusapapezako kunamuopsa kuposa kuupeza.

"Mungandilembere?" anafunsa motsitsa mawu. "Kuti ndidzabwerera, ndi tsiku lake."

Gunilla anapumira m'mwamba, koma analemba pakompyuta, n'kusindikiza, n'kusaina. Torsten naye anasaina pansi pake, akuseka chamumtima, ati m'zaka zake zonse za m'bungwe sanasainirepo umboni woti munthu waloledwa kupuma.

Ataweruka, Wendell sanadikire kufika kunyumba. Anaimba ali m'galimoto, pepala lili pachiwongolero. Janine anayankha ndi mawu a munthu amene sanagone, khanda likulira chapafupi.

"Mwanawe, ndikubwera. Pa faifi Julaye ndikhala ndafika."

"Adadi, tinakambirana kale zimenezi."

"Andipatsa tchuthi. Masabata anayi."

Kunamveka kulira kwa mwana kokha.

"Masabata angati?"

"Anayi. Ndipo andilipira onse. Akuti awonjezerapo kangachepe."

"Mwapempha inuyo?"

"Ayi, achita kundikakamiza. Ine ndinapempha masiku asanu, iwo n'kukana."

"Anakana asanu n'kukupatsani masabata anayi."

"Eya."

"Ananena kuti chiyani kwenikweni? Mawu ake."

"Anati ndipite kunyumba ndikapume."

"Mayo ine, adadi!" Mawu a Janine anasweka. "Akuchotsani."

"Ayi, sanandichotse. Nanenso ndimaganiza choncho, koma kuno ndi mmene amachitira. Fakitale yonse imatsekedwa."

"Fakitale ikutsekedwa? Imeneyonso?"

"Osati kutsekedwa kumeneko! Amatseka, kenaka amatsekula. Aliyense amapita kunyanja. Ngakhale makasitomala."

Iye mwini anamva mmene zinkamvekera. Zinkamveka ngati bodza la munthu wamkulu amene akufuna kuti mwana wake asade nkhawa, ndipo Janine ankawadziwa mabodza otere, chifukwa fakitale ya ku Toledo itatsekedwa bambo ake anakhala sabata yathunthu akunyamuka m'mawa ndi chakudya chamasana, osamuuza.

"Munali ndani m'chipindamo?" anafunsa Janine.

"Bwana, ndi wa bungwe la antchito."

"Wa bungwe analipo? Adadi!"

"Koma ndili ndi kalata! Asaina onse awiri."

"Tawerengani ndimve."

Wendell anatambasula pepala lija. Linali m'Chiswidishi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anazindikira dzina lake, anazindikira manambala a masiku, koma mawu ena onse anali ataliatali, okhala ndi timadontho pamwamba. Analiyang'ana nthawi yaitali, ndipo kukayika kuja kunamubwereranso.

"Pali dzina langa," anatero. "Palinso folo Ogasiti."

"Folo Ogasiti n'chiyani? Tsiku lobwerera kapena tsiku lomaliza malipiro?"

"Anandiuza kuti lobwerera."

Janine anayamba kulira poyera tsopano, iye ndi khanda lake limodzi. Ankadziimba mlandu, ati ndi iye wawachotsetsa ntchito bambo ake ndi madandaulo ake a pafoni, akanangokhala chete. Wendell anayesa kumutonthoza. Anamuuza za pepala la m'chipinda cha khofi, za masiku ofiira, za katsiku kopanikizika, za ayisikirimu wa ana a Torsten, koma chilichonse chimene ankawonjezera chinkangoipitsa nkhani. Chinamupweteka kwambiri mumtima. Kwa nthawi yoyamba pamoyo wake anali ndi chinthu chachikulu choti amupatse mwana wake, ndipo mwanayo ankachilandira ngati uthenga wa maliro.

Pomaliza Janine anamina, n'kulankhula ndi mawu olimba a munthu amene waganiza zonyamula katundu wina pamwamba pa amene ali naye kale.

"Bwerani basi, adadi. Musachite manyazi. Muzigona pabalaza, chakudya sichivuta. Masana muzikhala ndi Opal, ine ndikaweruka tizikhala pansi n'kumafunafuna ntchito ina limodzi. Kusitolo kwathu nthawi zina amafuna munthu wokankha matirole."

Wendell anatsekula pakamwa kuti atsutsenso, koma anamva kakhanda kaja kakusisima pafupi ndi foni, kakufunafuna bere. Anapinda pepala lija n'kuliika m'thumba la shati.

"Chabwino, mwanawe," anatero. "Undifunsireko za matirolewo. Tandiyandikizira mwanayo ndimumve."